Aphunzitsi a ku Dedza, musayambire pa juzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ku Dedza. Wandilola kuti ndimuyankhire pano, bola dzina lake lisatuluke. Mwa zina analemba kuti:

"Anti, alamu anga ndi oyembekezera, mwana akuti adzabadwa mu June. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Ndikufuna ndidzamulandire ndi kajuzi koluka ndekha. Ndinagula masingano ndi ulusi, mavidiyo ndaonera mpaka bandulo kutha kawiri, koma chimene ndikuluka chikungochita mabowo, ndipo ndikayamba ndi masitichi 20 ndikumapezeka ndili ndi 27. Mapatani onse ali m'Chingerezi chodulidwadulidwa. Komanso ndine wamanzere. Ndisiye? Ngati ayi, ndiyambire pati, nanga thandizo lenileni ndingalipeze kuti?"

Musasiye, aphunzitsi. Koma kajuziko kaikeni kaye pambali.

Ine ndinaphunzira kuluka ndili Sitandade 4, kwa azakhali anga ku Ntcheu. Masingano athu anali masipoko a njinga onolera pamwala, kumbuyo kwake titakulunga kamphira kuti masitichi asapulumuke. Ulusi unali wa juzi yakale ya amuna awo imene anaimasula. Sikafu yanga yoyamba inayamba yowonda, pakati n'kufufuma, kenako n'kuwondanso mokhotakhota. Msuweni wanga ataiona anati ndaluka mapu a Malawi, n'kumaloza ndi chala kuti Karonga ndi apa, Nsanje ndi apa. Ndinalira. Azakhali sanandinyengerere. Anangosolola sipoko, n'kukoka ulusi, ntchito ya masabata awiri yonse n'kubwerera pampukutu. Kenako anandikhazika pakati pa miyendo yawo, manja awo pamwamba pa manja anga, n'kunena kuti, "Tsopano luka ndikuone."

Mawu amenewo ndi amene foni singakuuzeni. Vidiyo imakuonetsani manja a munthu wina, koma manja anu siyiwaona. Mungaibwereze kakhumi, idzachitabe zomwezo, osadziwa kuti inuyo mukumayamba mzere ulusi uli pamwamba pa singano. Nkhani yosaka munthu wokuonani ndibwereranso. Poyamba tithane ndi 27 uja, chifukwa ngakhale ndili kutali ndikudziwa kumene masitichi 7 owonjezerawo akuchokera.

Ochuluka akubadwira kumayambiriro kwa mzere. Mukatembenuza nsalu kuti muyambe mzere wina, ulusi wochokera kumpukutu uyenera kulendewera pansi pa singano. Ophunzira ambiri amaukokera m'mwamba n'kuudutsitsa pamsana pa singano kupita kumbuyo. Zikatero sitichi yoyamba imatambalala, miyendo yake iwiri n'kukwera pasingano, n'kumaoneka ngati masitichi awiri. Inu mumaluka onse awiri, basi 20 wasanduka 21. Mabowo aja nawo amabwera pamene ulusi wadzikoleka pasingano popanda kulowa m'sitichi iliyonse. Zimachitika kwambiri mukayala nsalu pansi muli pakati pa mzere, mwina mwathamangira kukaona ndiwo pamoto, n'kudzaitola ulusi uli mbali ina. Kapena mukabaya mpata wa pakati pa masitichi m'malo mobaya sitichi yeniyeniyo. China ndi kung'amba ulusi. Ulusi ndi tizingwe tingapo topotedwa pamodzi, ndiye nsonga ya singano ikalowa pakati pa tizingweto, sitichi imodzi imagawikana. Mankhwala ake ndi otopetsa koma amachiza: werengani masitichi mukamaliza mzere uliwonse, mokweza mawu ngati ana anu a m'kalasi. Ndipo musaime pakati pa mzere, ngakhale wina agogode pakhomo. Adikire, masitichi 20 satenga chaka.

Tsopano chimene ndikanakonda wina akanandiuza tsiku loyamba. Kuluka konse, kuyambira pa kachipewa ka khanda mpaka majuzi a zingwe zopiringizana aja, kwaima pa masitichi awiri okha: knit ndi purl. Amayi athu amene anaphunzira kale knit uja amamutcha plain, ndiye mukamva akuti plain ndi purl musasokonezeke. Ndipo kunena zoona awiriwa ndi munthu mmodzi, knit ndi nkhope yake, purl ndi nkhongo yake. Mukaluka knit, kutsogolo kumaoneka kachilembo ka V, koma mukatembenuza nsalu mupeza kamfundo kopingasa ngati kamkanda, ndiye purl ameneyo. Khalani pakhonde masana, nsalu yanu m'manja, muziiyang'ana mpaka mutamatha kunena kuti iyi ndi nkhope, iyi ndi nkhongo, osayang'ana papepala. Munthu wodziwa kuwerenga nsalu yake sachita mantha akalakwitsa, chifukwa amaona pamene palakwika n'kubwerera. Amene amangotsatira vidiyo, akalakwitsa pamodzi amamasula zonse.

Mukaluka knit mizere yonse, kupita ndi kubwera, mumapeza nsalu ya mizeremizere ngati munda wogalauza, yotchedwa garter. Siyipindika, ndipo ndi yofunda. Mukasinthanitsa, mzere uwu knit, wobwerera purl, mumapeza yosalala ija ya pamajuzi a sukulu, yotchedwa stocking stitch. Imeneyi m'mphepete imadzipinda yokha ngati tsamba lofota, ndipo si kulakwitsa kwanu, ndi khalidwe lake. N'chifukwa chake amaiikira mpendero. Mukasinthanitsa mumzere womwewo, knit 1, purl 1, mumapeza rib, yotanuka ija ya m'khosi ndi m'mikono. Pa rib m'pamene mabowo amakonda kubwereranso, chifukwa musanaluke purl ulusi uyenera kubwera kutsogolo, musanaluke knit ubwerere kumbuyo, ndipo uzidutsa pakati pa nsonga ziwiri za masingano, osati pamwamba.

Simunandiuze ulusi umene munagula, koma ndikukayika kuti ndi wopyapyala wa ana uja, kapena waubweyaubweya wokongola m'maso. Chikomekome cha mkuyu. Ulusi wa nyenyeswa umabisa masitichi, wakuda nawonso chimodzimodzi, makamaka ngati mukuluka madzulo magetsi atazima. Pophunzirira pezani ulusi wosalala, wamtundu wowala, wachikasu kapena wobiriwira pang'ono, umene pakapepala kake alembapo DK kapena Double Knitting. Umayendera masingano a 4 mm. Masitolo ogulitsa nsalu ndi zosokera ndi amene amakhala nazo. Mukapita ku Lilongwe yendani cha ku Bwalo la Njobvu, a kummwera amadziwa za ku Limbe. Ngati muli ndi mbale ku Joni, mutumeni ulusi wa Elle, umene umapezeka mosavuta kumeneko. Kapepala kokulunga mpukutu musataye. Pali nambala ya mtundu ndi nambala ina ya ulendo umene ulusiwo unanyikidwa mu utoto. Mipukutu iwiri ya mtundu umodzi koma ya maulendo osiyana m'sitolo imaoneka yofanana, padzuwa mzere wosiyanitsa n'kuonekera pakati pa msana wa juzi. Choncho ulusi wa chovala chimodzi muzigula tsiku limodzi, kuonjezerapo mpukutu umodzi wapadera.

Pa masingano pali msampha umene unandigwirapo ndili wamkulu kale. Manambala alipo a mitundu itatu. Masingano akale a ku Britain, amene agogo ambiri akusungabe m'zitini, nambala ikamakwera singano imachepa: nambala 8 ndi 4 mm, nambala 10 ndi 3.25 mm, nambala 12 ndi 2.75 mm. Ku America n'zosemphana, nambala ikamakwera singano imakula, ndipo 8 wawo ndi 5 mm, pamene 4 mm amamutcha 6. Ine ndinatenga patani ya ku America yonena kuti nambala 8, n'kutola nambala 8 wa azakhali, chipewa cha munthu wamkulu n'kutuluka chokwana mwana wa ku mkaka. Inu muzingoyang'ana mamilimita basi. Masipoko a njinga ndimawalemekeza chifukwa anandilera, koma ndi opyapyala kwambiri, amachedwetsa ntchito ndipo amapweteka zala. Ngati masingano a 4 mm asowa, nsungwi yosema bwino n'kuikwecha ndi sandipepa mpaka kusalala imagwira ntchito, ndipo kwa wophunzira ili ndi ubwino wake, siyiterera ngati chitsulo.

Zoti ndinu wamanzere zisakudetseni nkhawa. Kuluka si kulemba, manja onse awiri amagwira ntchito. Pali njira ziwiri zikuluzikulu zogwirira ulusi. Imene ambiri kuno tinaphunzira ndi ya Chingerezi, ulusi kudzanja lamanja, n'kumauponya mozungulira singano. Ina amaitcha Continental, ulusi umakhala pachala cha kumanzere, singano n'kumangoutola. Amanzere ambiri imeneyi imawakomera, komanso amene anazolowera kuluka ndi kangowe tinsalu toyala pamipando tija. Nsalu yotuluka ndi yofanana, palibe angadziwe. Chimene sindikulangizani ndi kutembenuza zonse ngati pagalasi, kumalukira kuchokera kusingano ya kumanja kupita ya kumanzere. Zimatheka, alipo amene amatero bwinobwino, koma mapatani amalembedwa poganizira njira inayo, ndiye moyo wanu wonse muzidzakhalira kumasulira kuti apa akuti kumanja ndiye kwa ine ndi kumanzere. Yesani njira iliyonse masiku awiri, musankhe imodzi, inayo muiiwale kaye. Mwina china chimene chakusokonezani m'mavidiyo n'chakuti lero mukuonera woponya, mawa wotola. Mapanga awiri avumbwitsa.

Nayi ntchito ya masabata awiri oyamba. Ikani masitichi 20 pasingano, lukani garter mpaka kansaluko katalike ngati mmene katambalalira, tsekani. Yambani kena. Kachitatu kakhale ka stocking stitch, kachinayi ka rib. Ndikudziwa kuti mtima uli pa mwana wa achimwene anu, ndipo tinsalu topanda ntchito timagwetsa ulesi, koma pa kalikonse mukuphunzira kuyamba ndi kutseka, zinthu ziwiri zimene woluka sikafu yaitali amazichita kamodzi kokha pamwezi n'kuziiwala. Mzere woyamba ukamakhala wothina moti singano ikukanika kulowa, ikirani masitichi pasingano yokulirapo, kenako mupitirize ndi ya 4 mm. Ndipo tsiku lina, mwadala, gwetsani sitichi imodzi pakati, muisiye itsike mizere itatu. Muona timakwerero ta ulusi wopingasa. Tengani kangowe, kolani sitichi yagwayo, muzikokera kakwerero kalikonse m'kati mwake kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mpaka ibwerere pasingano. Mukachita zimenezi kawiri, mantha a kuluka atha.

Kenako chipewa. Khanda limataya kutentha kwambiri kudzera kumutu, ndiye m'nyengo ya June ku Dedza chipewa chidzagwira ntchito kuyambira tsiku loyamba, pamene juzi imadikira. Musanayambe, lukani kansalu koyesera ka masitichi 30 pa stocking stitch, kayaleni patebulo osakakoka, muike lula ya m'kalasi ija, muwerenge ma V amene akukwana mu 10 cm. Ulusi wa DK pa 4 mm kawirikawiri umapereka 22. Mapatani a ku Britain zimenezi amazitcha tension, a ku America gauge. Mukapeza 25 ndiye kuti dzanja lanu ndi lothina, tengani masingano okulirapo pang'ono. Mukapeza 19 ndi lomasuka, tengani ocheperapo. Aliyense amafuna kudumpha gawo limeneli, ine ndemwe ndimalidumpha ndikakhala ndi phuma, ndipo nthawi zonse ndimalipira.

Mutu wa mwana wobadwa kumene umazungulira pafupifupi 34 kapena 35 cm, ndipo chipewa chiyenera kucheperapo pang'ono kuti chigwire. Ikani masitichi 72. Lukani rib 3 cm, kenako stocking stitch mpaka nsalu yonse kuchokera pansi ikwane 9 cm. Tsopano kuchepetsa, mbali ya nkhope ikuyang'ana inu: lukani knit 7, kenako mubaye masitichi awiri pamodzi n'kuwaluka ngati imodzi, mubwereze chomwecho mpaka mzere kutha. Mutsala ndi 64. Mzere wobwerera purl yekhayekha. Wotsatira knit 6 n'kuphatikiza awiri, mutsala ndi 56. Muzingotero, 5, 4, 3, 2, 1, pakati pake mzere wa purl, mpaka mutsale ndi 16. Mzere womaliza phatikizani awiriawiri, atsale 8. Dulani ulusi mosiya mchira wautali, ulowetseni pasingano yosokera yobuntha, muudutsitse m'masitichi 8 aja, kokani ngati mukumanga thumba, n'kusoka msoko wa kumbuyo ndi mchira womwewo. Mwaona kuti n'masamu a Sitandade 3, magulu 8 a masitichi 9, gulu lililonse likutaya imodzi.

Ndipo pomwepa mwaphunzira kale theka la Chingerezi chodulidwadulidwa chija. Chimene ndalemba m'chiganizo chachitali chija cha kuchepetsa, patani imangoti k7, k2tog, rep to end. Chilembo k ndi knit, p ndi purl, st kapena sts ndi masitichi, tog ndi kuphatikiza, rep ndi kubwereza. RS ndi mbali ya nkhope, yoonekera kunja, WS ndi ya m'kati. Kanyenyezi kamasonyeza pamene kubwereza kukuyambira. Cast on ndi kuika masitichi pasingano, cast off ndi kutseka, a ku America amati bind off. Yo, kapena yfwd m'mapatani akale a ku Britain, ndi kukoleka ulusi pasingano mwadala kuti pakhale bowo, lomwe lija mwakhala mukulipanga mwangozi. Pa juzi ya mwana ndi limene limakhala bowo la batani. Chenjerani ndi dzina loti moss stitch, chifukwa chimene a ku Britain amachitcha choncho a ku America amachitcha seed stitch, ndipo moss yawo ndi ina. Patani yabwino imamasulira zidule zake koyambirira kapena kumapeto. Ine ndimatenga kope, n'kulemba mzere uliwonse m'Chichewa changa ndisanagwire singano, n'kumachonga ndikamaliza. Mzungu akaliona kope limenelo sangatolepo kanthu, koma silinandisocheretsepo.

Tibwerere ku funso lanu lalikulu, la kumene thandizo lili. Lili pafupi kuposa mmene mukuganizira, ndipo mwina mumapatsana nalo moni Lamulungu lililonse. Amayi a m'badwo wa azakhali anga ambiri anaphunzira kusoka ndi kuluka kusukulu, ena m'magulu a amayi a kumpingo, ena kwa alangizi a ntchito zapakhomo amene ankayenda m'midzi. Luso limenelo silinafe, linangolowa m'masutikesi kaunjika atachuluka. Ngati ndinu a CCAP, funsani kwa amayi a Chigwirizano, amene kummwera timati a Mvano, kumpoto a Umanyano. A Seventh Day ali ndi amayi a Dorika, a Anglican ali ndi Mothers' Union, kwa Akatolika nako magulu a amayi alipo, ndipo masisitere ena achikulire ndi akatswiri. Pasukulu panu pomwepo, funsani mphunzitsi wamkazi amene watsala pang'ono kupuma, kapena amene anapuma kale. Onaninso amayi amene amagulitsa tizipewa ndi timasokosi ta ana pamsika. Koma kwa amenewa pitani mwaulemu, ndi bizinesi yawo. Gulani kaye kachipewa kamodzi, mufotokoze kuti mukulukira mwana wa kubanja, ndipo mufunse ngati mungawalipire kangachepe.

Popita kwa agogo musapite chimanjamanja, paketi ya shuga simakana munthu. Tengani masingano anu, ulusi wanu, ndi kansalu ka masitichi 27 kaja osakamasula, chifukwa woluka akakaona adziwa matenda anu musanatsegule pakamwa. Akakuphunzitsani mosiyana ndi vidiyo, musawatsutse ndi foni. Njira zoikira masitichi pasingano zilipo zambirimbiri, ya chala chachikulu, ya masingano awiri, ya mchira wautali, ndipo zonse zimafikitsa. Mwina simungamve mawu oti tension pakamwa pawo, adzangogwira nsalu yanu n'kunena kuti mwaumitsa, masulani dzanja. N'chimodzimodzi. Ndipo musadabwe ngati wokuthandizani atakhala bambo. Kwathu kuno mphasa, madengu, miono ndi nkhokwe amaluka ndi abambo, mawu ake ndi omwewa. Pachilumba cha Taquile, panyanja ya Titicaca ku Peru, oluka zipewa ndi masingano ndi amuna, ndipo amayamba ali anyamata.

Intaneti ibwere pambuyo, ngati buku lofufuzamo mukakakamira. Vuto la bandulo limachepa mukasiya kuonera mavidiyo a ola lathunthu oti tiluke juzi limodzi, n'kumasaka chinthu chimodzi chimene chakuvutani, monga k2tog kapena long tail cast on, njira ya mchira wautali ija. Zoterezi zimakhala za mphindi ziwiri kapena zitatu. Pa YouTube pali pochepetsera liwiro, ikani pa 0.5 manja aja aziyenda ngati a nkhalamba. Mawu ngakhale osawamva, maso akwanira. Mukapeza wifi sungani mavidiyo anayi kapena asanu mufoni. Ine ndimakonda a VeryPink Knits chifukwa kamera imakhala pamanja ndipo mayiyo sachulutsa nkhani, koma inu posaka muzionjezera mawu oti Continental ngati mwasankha njira imeneyo.

Kwa mapatani, lembetsani pa Ravelry. Ndi malo a oluka a dziko lonse, anayamba mu 2007, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Posaka mungasankhe kuti akuonetseni aulere okha, a masingano osati a kangowe, a ulusi wa DK, a makanda, osavuta. Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti patani iliyonse imaonetsa zithunzi za anthu wamba amene anailuka kale, ndi ndemanga zawo. Ngati ambiri akudandaula kuti khosi linathina, mwachenjezedwa musanawononge ulusi. A DROPS Design nawo ali ndi mapatani aulere ochuluka zedi pamodzi ndi timavidiyo tosonyeza sitichi iliyonse, ngakhale kalembedwe kawo n'kothinana, kofuna kuzolowera. A Tin Can Knits ali ndi gulu la mapatani aulere lotchedwa The Simple Collection, lolembedwera ophunzira, lofotokozedwa bwino kwambiri. Koma dziwani kuti zipewa ndi majuzi ake amalukidwa mozungulira, pamasingano olumikizidwa ndi kachingwe kapena anayi a nsonga ziwiri, amene kuno amavuta kupeza. Musanakonde patani, onani kaye ngati ikuti worked flat, kutanthauza kuti masingano anu awiri owongoka akwanira. Zithunzi zokongola za pa Facebook ndi Pinterest zopanda patani zisiyeni, zimangokweza mtima. Ena masiku ano akuika ngakhale zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, za zinthu zimene singano singaluke.

Mawu ochepa pa za ulusi wa mwanayo. M'magulu a pa intaneti mudzamva azungu akunyoza acrylic, ulusi wopangidwa kufakitale, akutama ubweya weniweni wa nkhosa. Ubweya ndi wofunda, n'zoona, koma ukachapidwa m'madzi otentha n'kuufikisa mmene timachapira ife, umaphatana n'kufupika, kajuzi n'kusanduka ka chidole, ndipo sikabwereranso. Zovala za khanda zimachapidwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina ndi wachibale amene simunamulangize. Acrylic wofewa ndiye woyenera, ndiponso ndi amene amapezeka. Koma ali ndi adani awiri, moto ndi simbi. Amasungunuka ngati pulasitiki, ndiye mwana atavala asayandikire mbaula, ndipo wina asadzayese kusita. Poti kusita sikutheka, musayanike pansi, paudzu kapena pamthunzi panja, kuopa ntchentche zija zimaikira mazira pazovala zonyowa, mwana n'kudzatuluka mphutsi pakhungu. Finyani pang'ono m'thawulo, muyale m'nyumba pamalo opita mphepo. Kupachika pachingwe chikadali chonyowa kumachitalikitsa.

Ndalama ikavuta, njira ya azakhali ikadalipo. Pakaunjika sankhani juzi yaikulu ya ulusi wonenepa, muitembenuze muone misoko. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kupitidwa ndi makina a overlock, isiyeni, mudzangopeza tizidutswa ta mzere umodziumodzi. Ngati mbali zake zili zathunthu, zongolumikizidwa ndi msoko wonga tcheni, imeneyo imamasuka yonse, kuyambira kumtunda kutsika. Ulusi umatuluka wopotanapotana. Ukulungeni pamsana pa mpando, mumange m'malo anayi, muviike m'madzi ofunda pang'ono a sopo, muyanike, uwongoka. Mukafuna kudziwa kuti ndi wanji, yatsani kachidutswa ndi machesi panja. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa, umazima wokha, phulusa lake limafikisika. Acrylic amayaka mosungunuka n'kusiya kamfundo kolimba kakuda.

Chipewa choyamba chidzakhala chopindika penapake, cha mwana wa achimwene chidzakhala chachitatu. Zinazo, ngati zili zofewa ndi zaukhondo, zili ndi kopita. M'zipatala zathu ana obadwa masiku asanakwane amasamalidwa m'njira ya kangaroo, khanda pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu, litangovala thewera, chipewa, mwina ndi masokosi. Njirayi kuno inakhazikika pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo tsopano inafalikira m'maboma. Timitu ta ana amenewa n'tating'ono, masitichi 56 m'malo mwa 72 akhoza kukwana, magulu 8 a masitichi 7. Funsani kaye anamwino a kuchipatala cha kwanuko ngati amalandira ndi kukula kumene akufuna, musangotulukira ndi jumbo.

Tsono kajuzi kaja. Mukamaliza zipewa ziwiri zokhala bwino, mwakonzeka, ndipo mukayamba mwezi uno nthawi ikukwanirani. Sankhani kotsegula kutsogolo, chifukwa kudutsitsa mutu wa khanda pakhosi lothina ndi nkhondo imene alamu anu sadzakuthokozani nayo. Kakhale ka garter kapena stocking stitch, ka zidutswa zolukidwa pazokha n'kusokedwa: msana, mbali ziwiri zakutsogolo, mikono iwiri. Lukani saizi ya miyezi 3 mpaka 6, osati ya wobadwa kumene. Mikono adzapinda mu June, mu August kadzakhala kakumukwana, pamene kakang'ono kakanatha ntchito m'masabata atatu. Mikono iwiriyo muziwerenga mizere n'kumalemba m'kope, musadalire diso, ine ndinalukirapo mdzukulu wanga juzi ya mkono umodzi wautali. Pakhosi pasakhale chingwe chomangira, ndipo mabatani musokere ndi ulusi wosokera wolimba, kenako muwakoke ndi mphamvu ngati mmene mwana adzawakokere akayamba kuika zinthu m'kamwa.

Kansalu ka 27 kaja mukajambule mbali zonse ziwiri, masana, mutakayala pansalu yoyera, munditumizire pa imelo yomweyi musanapite nako kwa agogo. Ndikufuna ndione ngati ndalasa pa nkhani ya sitichi yoyamba ija.